Mabwinja a M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Bwinja ndi malo amene kale padali mudzi koma eni ake adasamukapo. Mlimi wozindikira sasokonezeka akafika pabwinja. Dothi lake limakhala lakuda ndi lofewa chifukwa cha phulusa ndi ndowe za zaka zambiri, maungu amabereka mosaumira, ndipo khasu likamatema nthaka limatukula mapale a miphika. Mabwinja ambiri a m'zidikha ali ndi eni ake. Nkhalamba imatha kuloza ndi ndodo n'kunena kuti apa padali nyumba ya auje, apo padali khola, pansi pa mkuyu uwo padali bwalo la milandu. Koma m'mapiri a m'maboma a Dowa ndi Ntchisi muli mabwinja ena amene eni ake sadziwikanso ndi mayina. Palibe mdzukulu amene amapita kukalambulako. Mboni zake ndi miyala, mapale ndi phulusa basi, ndipo mboni zimenezi zikutha chaka ndi chaka popanda woziliritsa.

Dziko la maboma awiriwa lili pawiri. Chakuzambwe kuli chidikha chachonde cha Mponela ndi Madisi, chimene chimatambalala mpaka kumtsinje wa Bua. Chakuvuma kuli mapiri, zitunda ndi zigwembe zimene zimatsetsereka kulowera ku Salima ndi ku Nkhotakota. Kumeneku ndiko kuli phiri la Kongwe, mapiri a ku Mvera ndiponso phiri la Ntchisi, limene pamwamba pake pali nkhalango yosayoyola masamba ngakhale m'chilimwe. Munthu woona malo amenewa sangalephere kufunsa funso limodzi: nanga chidachititsa anthu kusiya nthaka yabwino ya m'chidikha n'kukamanga pamiyala, kutali ndi madzi, n'chiyani? Yankho lake si limodzi, pakuti anthu amene adakhala m'mapiri a chigawo chapakati sadali a mtundu umodzi kapena a nyengo imodzi. Adabwera motsatana, ndipo gulu lililonse lidali ndi chifukwa chakechake.

Oyamba adali alenje amene Achewa amawatchula kuti Akafula kapena Abatwa. Nthano zimati adali anthu aafupi amene ankafunsa mlendo kuti, "Mwandionera pati?" ndipo mlendo wanzeru ankayankha kuti wawaonera kutali. Anthuwa sankalima kapena kusula chitsulo. Ankakhala m'mapanga, ankasaka nyama, kufula uchi ndi kukumba mizu, ndipo zida zawo zidali timiyala tosongoka timene ankaika kumivi. Kwa iwo phiri lidali nyumba yomangidwa kale komanso nsanja yoonera nyama m'chigwa. Katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba phanga la Mwana wa Chencherere ku Dedza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo adapeza zida zamiyala ndi mafupa a nyama zimene alenjewa ankadya. Zithunzi zofiira zimene adajambula pamiyala zikuonekabe m'dera la Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula zamakedzana, kuphatikizapo zoyera zimene Achewa adajambula pambuyo pake. Bungwe la UNESCO lidaika dera limeneli pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006.

Achiwiri adali alimi odziwa kuumba miphika ndi kusungunula chitsulo, amene adafika m'dziko muno zaka zoposa 1,500 zapitazo. Akatswiri amawazindikira ndi kaumbidwe ndi kalembedwe ka miphika yawo. Miphika yakale kwambiri ya kumwera ndi pakati imatchedwa ya Nkope, potengera dzina la malo a ku Mangochi kumene K. R. Robinson adaifukula. Pambuyo pake padabwera mitundu ina, monga ya Kapeni ndi ya Mawudzu. Ya Mawudzu ndiyo imagwirizana ndi nyengo ya Amaravi, ndipo ndiyo yochuluka ku Mankhamba, likulu la Kalonga pafupi ndi Mtakataka, kumene Yusuf Juwayeyi adakumba n'kupezanso minyanga ya njovu, mikanda ya galasi ndi mbale zochokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Alimi amenewa ankakonda kumanga pafupi ndi mitsinje, koma phiri ankalifuna ndithu. Kuphiri ndiko kudali miyala ya chitsulo, mitengo ya makala oyatsira ng'anjo, nsungwi ndi mankhwala. Kuphiri ndiko adamanga akachisi opempherera mvula, monga pa phiri la Bunda ku Lilongwe. Ng'anjo zakale zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Tsono popeza Dowa ndi Ntchisi zili pakatikati pa Dedza ndi Kasungu, mapiri ake ali m'kati mwenimweni mwa mbiri yomweyi, ngakhale ambiri a iwo sadakumbidwe mwaukatswiri.

Achitatu ndiwo amene fungo lawo silidazilale: anthu othawa nkhondo. M'chaka cha 1835 Angoni a Zwangendaba adawoloka mtsinje wa Zambezi. Patapita zaka, mfumu yawo itamwalira, adagawikana, ndipo gulu la Chiwere Ndhlovu lidadzakhazikika m'dera la Dowa. Nthawi yomweyo malonda a akapolo adali atakula m'mbali mwa nyanja, makamaka ku Nkhotakota kwa Jumbe. Mudzi wa m'chidikha udasanduka nyambo. Ena adamanga malinga a mitengo, dothi ndi nkhadze kuzungulira midzi yawo. Ena adagonja n'kumapereka msonkho wa chakudya ndi ana. Koma ambiri adasenza mitolo yawo n'kukwera mapiri. Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi idabisa Achewa ambiri m'masiku amenewo, monga momwe phiri la Nkhoma lidasungira anthu a Mazengera. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adapeza dziko lili chomwechi pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok adatsegula Mvera kwa Chiwere m'chaka cha 1889, ndiponso pamene Robert Blake adatsegula Kongwe kwa Msakambewa m'chaka cha 1894. Samuel Josiah Nthara adalemba zina za nyengo imeneyi m'mabuku ake a Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza, atazimva kwa akuluakulu amene adaziona ndi maso.

Moyo wa kuphiri sudali wa masewera. Nyumba zidali zing'onozing'ono, zopanikizana pakati pa matanthwe, pamalo amene anthu adasalaza ndi manja n'kutchinga ndi miyala kuti dothi lisakokoloke. Amayi ankatsika mbandakucha kukatunga madzi, mtsuko pamutu, mwana kumsana, mtima uli m'mwamba. Abambo ankapita kumunda m'magulu, wina atakwera pathanthwe kuti akuwe akaona zishango. Nkhokwe ankazibisa m'mapanga, ndipo m'tinjira tokwerera ankaunjikamo miyala yogubuduzira adani. Chaka chimene adani atentha minda, njala inkamaliza amene mkondo udawasiya. Komabe m'mavuto omwewo ana ankabadwa, anamwali ankalangidwa, maliro ankaikidwa mwamwambo, ndipo mbewu ya mapira ndi mawere idasungidwa. Anthu ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi alipo lero chifukwa gogo wina adapirira pathanthwe. Dziko litakhala pansi pa Angerezi m'chaka cha 1891, nkhondo zija zidatha pang'onopang'ono, ndipo anthu adayamba kutsika. Adatenga zimene akadatha kunyamula. Mphero zolemera, miphika yosweka, mafuwa ndi manda adazisiya komweko.

Kwa munthu wongodutsa, zotsalazi ndi zinyalala. Kwa wodziwa kuwerenga, ndi buku. Mphero yokumbika kwambiri imasonyeza kuti anthu adakhalitsa pamalopo. Timiyala toimikidwa mozungulira timasonyeza pamene padakhala nkhokwe. Zidutswa za dothi lopsa zokhala ndi zipsera za mitengo ndi zipupa za nyumba imene idapsa. Mafupa a padzala amaulula ngati anthuwo adali ndi ng'ombe ndi mbuzi kapena ankadalira nyama zakutchire. Mkanda umodzi wagalasi umatsimikiza kuti mudziwo, ngakhale udali pamwamba pa phiri, udali ndi njira yofika kwa amalonda a kunyanja. Ngakhale khala la pamoto limanena zaka zake. Chamoyo chilichonse chimakhala ndi mtundu wina wa kaboni wotchedwa carbon-14, ndipo chikafa kaboniyo amachepa ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse. Poyeza amene watsala m'khala kapena m'fupa, akatswiri amadziwa nthawi imene mtengowo udadulidwa kapena nyamayo idafa.

Koma buku limeneli lili ndi lamulo lake: masamba ake ayenera kukhala m'malo mwake. Dothi limaunjikana mosanjikiza, zakale kwambiri pansi, zatsopano pamwamba. Phale likapezeka pamodzi ndi khala m'dothi losasokonezedwa, zaka za khalalo ndi zaka za phalelo. Wina akangolitola n'kukaliika pawindo la nyumba yake, phalelo lasanduka bubu. Silingathenso kunena kuti lidaumbidwa liti, ndi yani, ndipo lidagona pafupi ndi chiyani. Ngakhale katswiri amene akukumba amadziwa kuti akuwononga chimene akuwerenga, n'chifukwa chake amakumba pang'onopang'ono, kuyeza, kujambula ndi kulemba chilichonse. Nkhalango yodulidwa imaphukanso. Bwinja lofukulidwa mosasamala silibwerera. Madzi akatayika sawoleka.

Adani a mabwinjawa lero sanyamula zishango. Woyamba ndi kuchepa kwa malo olima. Anthu achuluka, ndipo minda yakwera mpaka m'malo otsetsereka amene makolo sankawalima. Khasu limasakaniza dothi, ndipo miyala ya mipanda yakale imasanduka milambala ya m'munda. Wachiwiri ndi nkhwangwa. Mitengo ikatha chifukwa cha makala, nkhuni ndi zigafa za fodya, mvula imakokolola dothi, mapale n'kutsikira kumtsinje. Wachitatu ndi nyundo ya oswa miyala yomangira, imene sisiyanitsa mwala wamba ndi mphero ya zaka mazana. Palinso makina okumba misewu ndi dothi lofiira, anthu okumba m'mapanga pofuna chuma chimene amakhulupirira kuti chidakwiriridwa, ndiponso ena amene amalemba mayina awo ndi makala kapena penti pamiyala imene ili ndi zojambula zakale.

Boma silidakhale chete pa zimenezi. Dziko litangolandira ufulu, nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo loteteza zipilala ndi malo a mbiri m'chaka cha 1965, ndipo m'chaka cha 1967 padatsegulidwa Dipatimenti ya Antiquities, imene ntchito zake tsopano zili m'manja mwa Dipatimenti ya Museums and Monuments. M'chaka cha 1990 lamulo lija lidalowedwa m'malo ndi lina lokulirapo lotchedwa Monuments and Relics Act. Mfundo zake zazikulu n'zosavuta kumva. Zinthu zamakedzana zopezeka pamtunda kapena pansi pa nthaka ndi chuma cha mtundu wonse, ndipo boma ndilo limazisunga. Nduna ili ndi mphamvu yolengeza kuti malo akutiakuti ndi otetezedwa. Palibe munthu wololedwa kukumba pofuna zakale, kuwononga malo otere, kapena kutulutsa zinthu zake kunja kwa dziko popanda chilolezo. Wopeza chinthu chakale mwangozi ayenera kudziwitsa boma msanga. Amene akufuna kumanga msewu, damu kapena chitukuko china chachikulu ayenera kudziwitsa boma ntchito isanayambe, kuti akatswiri apulumutse zimene zili m'nthakamo. Wophwanya lamuloli akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kuikidwa m'ndende.

Palinso malamulo ena amene amathandizira. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo, kulima ndi kumanga m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Nkhalango ya Ntchisi idakhala yotetezedwa kuyambira m'chaka cha 1924, ndipo mtengo uliwonse umene waima m'menemo ukugwira dothi limene lafunditsa mapazi a othawa nkhondo aja. Lamulo la zachilengedwe la 2017, limene lidalowa m'malo mwa la 1996, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa kuti zidziwike zimene zingawonongeke, ndipo malo a mbiri ndi chikhalidwe ali m'gulu la zoyenera kuunikidwazo.

Komatu lamulo lolembedwa pa pepala silikwera phiri. Maofesi a akatswiri ali m'mizinda, antchito ake ndi ochepa, ndipo mapiri ndi ambiri. Lamulo silingateteze bwinja limene silidalembedwe m'kaundula, ndipo bwinja silingalembedwe ngati amene akulidziwa sadanene. Pamenepa ndipo pagona vuto lenileni. Mnyamata woweta mbuzi amadziwa phanga lililonse ndi mphero iliyonse ya m'phiri la kwawo, koma sadamvepo za lamulo la 1990. Katswiri amalidziwa lamulolo ndime ndi ndime, koma phangalo sadalionepo. Awiriwa akapanda kukumana, onse ali mumdima.

Ndiponso si bwino kuweruza msanga. Mayi wamasiye amene amaswa miyala m'mphepete mwa phiri kuti apeze ndalama ya feteleza ndi fizi ya mwana si mdani wa mbiri. Munthu akamuuza kuti asiye mwala uwo chifukwa padaperedwa mawere zaka mazana awiri zapitazo, iye ali ndi ufulu wofunsa kuti ana ake adya chiyani madzulo ano. Funso limeneli liyenera kuyankhidwa, osati kunyozedwa. Yankho lake n'lakuti bwinja silitenga phiri lonse. Kawirikawiri ndi kadera kochepa, kamene mfumu ndi anthu ake angakadulire malire, n'kuwasonyeza oswa miyala ndi olima mbali ina. Ndipo malo osungidwa bwino amatha kubweretsa phindu. Alendo amene amapita kukaona nkhalango ya Ntchisi kapena zojambula za ku Chongoni amafuna owaperekeza, chakudya ndi pogona. Mwala woswedwa umagulitsidwa kamodzi, koma mwala wosungidwa umaonetsedwa kwa mibadwo.

Chodabwitsa n'chakuti Achewa adali ndi lamulo lawolawo loteteza malo kalekale, nyumba ya malamulo isanamangidwe. M'midzi yambiri ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, kumene mitengo yachilengedwe idatha, msitu wa kumanda udakali chiimire. Palibe mlonda wa boma amene amaulondera. Mwana aliyense amakula akudziwa kuti kumanda sadulako mtengo, ndipo kudambwe sapitako chisawawa. Mphamvu imeneyi ili m'manja mwa mafumu, kuyambira nyakwawa mpaka mafumu aakulu monga Msakambewa, Chiwere, Dzoole, Kasakula, Nthondo ndi Kalumo. Mfumu ikanena pabwalo kuti bwinja la paphiri ndi manda a makolo, mawu amenewo amafika kumene kalata ya boma singafike. Lamulo la boma ndi mwambo wa mudzi zikagwirana manja, denga limasenzeka, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ena amaopa kuti kukumbutsa za midzi yothawirako nkhondo n'kutokosa zilonda pakati pa Achewa ndi Angoni. Mantha amenewa ngomveka, koma mabwinjawo amaphunzitsa zosiyana. Lero Angoni a kwa Chiwere amayankhula Chichewa, adakwatirana ndi Achewa, ndipo m'mitsempha ya wophunzira mmodzi mumayenda magazi a amene adathawira kuphiri ndi a amene adaima m'munsi ndi chishango. Bwinja la paphiri silinena kuti uyu ndi wolakwa. Limangosonyeza mtengo wake wa nkhondo: mayi kutunga madzi mwamantha, munda kupsa, mwana kuikidwa pakati pa miyala. Mtundu umene waona zimenezi ndi maso umausamala mtendere kuposa umene udangomva.

Nanga wophunzira wa ku sekondale angachitepo chiyani? Choyamba ndi kufunsa. Nkhalamba zimene zidamva nkhanizi kwa agogo awo zikutha, ndipo iliyonse imapita ndi mayina a mapanga, a zitsime ndi a mafumu amene adatsogolera anthu kuphiri. Kope limodzi ndi pensulo zikhoza kusunga zimene palibe khasu la katswiri lingadzafukule. Chachiwiri ndi kuona popanda kutola. Wopeza mapale, mphero, ng'anjo kapena zojambula azisiye pomwepo, alembe malowo ndi zizindikiro zake, ajambule chithunzi ngati ali ndi foni, ndipo adziwitse mfumu, mphunzitsi wa mbiri ndi ofesi ya bwanamkubwa, kuti uthenga ukafike kwa oyang'anira zakale. Chachitatu ndi kufotokozera ena: mng'ono wake woweta mbuzi, malume ake otentha makala, komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Akatswiri a Chimalawi monga Gadi Mgomezulu ndi Yusuf Juwayeyi nawonso adayamba ngati ana a sukulu, ndipo mapiri osakumbidwa akudikira ena otero.

Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sadasiye mabuku, zipilala zolembedwa kapena nyumba zosanja. Adasiya mphero, mafuwa ndi mapale, ndipo zimenezi ndizo kalata yokha imene adalembera adzukulu awo. Kale phiri lidasunga anthu pamene chidikha chidawakana. Tsopano anthu ali pamtendere m'chidikha, ndipo ngongole ija yafika poti ibwezedwe. Mbadwo umene ulipowu ndiwo udzasankhe ngati ana a mawa adzakwera Kongwe ndi Ntchisi n'kupeza mapazi a makolo awo, kapena adzangopeza maenje ndi fumbi la miyala.